A Sakala Ankalima Phala

Ku Pembamoyo anthu amalima chimanga ndi nsawa, ena thonje pang'ono, koma malemu a Yoweli Sakala ankalima phala. Sitikunena chimanga chophikira phala ayi. Tikunena phala la azungu la m'chitini, lotchedwa otsi, limene munthu amangothira madzi n'kutereka pamoto. A Sakala analidzala m'mizere kuseri kwa nyumba yawo, analimangira mpanda wa minga, ndipo analipalira mvula ziwiri popanda kumera ngakhale kamodzi. Mpaka lero munthu akamadikira chinthu chimene sichidzabwera, kaya basi ya ku Chipata nthawi ya matope, kaya mkamwini amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, anzake amamuuza kuti akudikira otsi wa a Sakala. Aliyense amaseka. Akazi awo, a Idesi, ndi okhawo amene nkhaniyi sinawaseketsepo.

A Sakala anachoka kuno ali mnyamata wowonda, nakalowa ntchito m'butchala ina ku migodi, ku Luanshya. Ntchito yawo inali kudula nyama. Akazi a azungu ankabwera ndi madengu awo n'kumaloza ndi chala kuti chotsa mafuta awa, chotsanso awa, ndipo a Sakala ankachotsa mwaulemu. Koma iwo anakulira mu mpingo wa Reformed, kumene anaphunzira kuti kutaya chakudya ndi tchimo, choncho mafuta onse amene azungu a ku Luanshya anakana pa zaka makumi awiri anathera m'mimba mwa munthu mmodzi. Khosi linasowa. Malamba anachita kulumikiza awiri. Tsiku lina anagwa kuseri kwa kauntala atakumbatira mwendo wa ng'ombe, ndipo panafunika amuna onse a m'butchalamo kuti awanyamule, mwendowo atautula kale pambali.

Dokotala wa kumeneko anawaonetsa chidutswa cha paipi yamadzi yotsekeka ndi dzimbiri, nawauza kuti mitsempha yawo ikufanana nayo, kungoti chotseka ndi mafuta. Anati asiye nyama yonona, aziyendako wapansi, ndipo m'mawa uliwonse azimwa phala la otsi, chifukwa kulenda kwake kumagwira mafuta ena m'matumbo asanalowe m'magazi. A Idesi analipo ndipo anamva zonse. A Sakala anamvapo liwu limodzi lokha: otsi.

Atapuma ntchito anabwera kudzakhala kuno, kwawo kwa akazi awo, monga timachitira. Anzawo opuma ku migodi ankabwera ndi malata, wailesi, makina osokera. A Sakala anatsika pa lole ndi njinga ndi mabokosi awiri achitsulo, olemera moti onyamula anatuluka thukuta. Achibale anasonkhana, akazi akululuta, ena atayamba kale kugawana mabulangete mumtima. Bokosi loyamba litatsegulidwa munali zitini zokhazokha. Lachiwiri, zitini.

"Ndi shuga ameneyu, alamu?" anafunsa a Petulo, mlongo wa a Idesi, munthu amene pakamwa pake panalibe chitseko.

"Ndi moyo," a Sakala anayankha.

M'mawa mwake anaphikitsa phalalo kuti alamu awo alawe. A Petulo anaviika supuni, naikweza, phala n'kutsatira supuniyo osaduka. Anakwezanso, likutsatirabe.

"Alamu, mwawoloka dziko lonseli kudzatipatsa therere lopanda mchere?"

A Sakala anasiya kudya. Nkhope yawo inasintha.

"Liwu limenelo musadzalitchulenso pa chakudya changa. Therere ndi ndiwo za akazi."

Anthu anaseka, poti amuna ambiri amanena choncho kenaka n'kukanyambita mbale kuseri. A Idesi sanaseke, chifukwa ankadziwa pamene panagona nkhani. A Sakala anali mkulu wa mpingo, wa jekete lakuda ndi mawu ogwedeza malata poyimba, koma pansi pa malaya, pamapewa onse awiri, panali mphini. Chaka chawo choyamba m'butchala anaona mnzawo akusiya zala ziwiri pa thabwa lodulira nyama, ndipo Loweruka lomwelo anapita kwa sing'anga wina wa ku Kongo amene anawatemera mankhwala oti mpeni uziwalambalala. Lamulo linali limodzi: asadzalawe therere. Akadzangolawa, mankhwala adzasukuluka, ndipo mabala onse amene anawazemba adzabwera kudzatenga malo awo. Zaka zonsezo a Sakala sanadzichekepo ngakhale pometa ndevu. Mpingo sunkadziwa. A Idesi ankadziwa, popeza ndi iwo ankawakhula kumsana, ndipo anali atalumbira kuti sadzauza munthu.

Sipanapite nthawi, Pembamoyo yense anadziwa kuti mtima ndi pampu. A Sakala akapatsidwa mpata wolalikira ankayamba bwinobwino ndi Lazaro, koma pofika pakati Lazaro anali atafa ndi mafuta a m'mitsempha, ndipo mwana wolowerera anali pangozi yaikulu osati kwa nkhumba kuja, koma tsiku limene atate ake anamuphera ng'ombe yonenepa. Makiyi a mabokosi ankawavala m'khosi. Mlendo wolemekezeka kwambiri ankapatsidwa supuni imodzi ya phalalo, ndipo abusa, amene ankalemekezeka kuposa onse, anayamba kuzungulira njira ya kumanda kuti asadutse pakhomo pawo m'mawa.

Pamaliro ndiye pamene panali ntchito yawo yeniyeni. Ankayenda pakati pa amuna akudya, manja kumbuyo, n'kumasuzumira m'mbale. Akaona nthuli yonona ankaitola ndi zala ziwiri n'kuionetsa mwiniwake.

"Iyi ikupita kuti?"

"M'mimba, a Sakala."

"Mwanama. Ikupita kumtima, kukamanga nyumba."

Kenaka ankaiponyera agalu. Agalu a ku Pembamoyo ankawakonda a Sakala kuposa munthu wina aliyense, ndipo Lamlungu ankawaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi. Anthu akawaona akubwera ankabisa mbale pansi pa mipando. Komabe ankawakonda ndithu, pakuti nkhumba ikaphedwa m'mudzi ndi iwo ankaitanidwa kudzaidula, ndipo ankaidula mwaluso, fupa lililonse pamfundo pake, osatengako ngakhale kachiwindi ka wodula.

Koma zitini zimatha. Zaka zimenezo, chapakati pa ma 1980, masitolo a ku boma la Chadiza anali ndi mashelefu oyera. Ukaona mzere unkayamba waimapo, kenaka n'kufunsa wa patsogolo pako kuti kwabwera chiyani, kaya sopo, kaya mchere, kaya mafuta ophikira aja timati saladi. A Sakala ankaima pa mzere uliwonse kuyambira m'mawa, akafika kutsogolo n'kufunsa otsi.

"Abambo, uno ndi mzere wa saladi."

"Saladi? Ndiye imfa ya m'mabotolo muli nayo, moyo mulibe?"

Pamenepo ankatembenuka n'kuyamba kulalikira mzere wonse za pampu, mpaka anyamata a chipani osunga bata pa mzere ankawagwira mkono mwaulemu n'kuwaperekeza pa njinga yawo. Sabata yotsatira ankawapezanso pomwepo.

Anthu ankaona zoseketsazo. A Idesi ndi amene ankaona mabokosi akupepuka. Anayamba kuchepetsa masupuni n'kuwonjezera madzi. Ankaonanso zimene ena sankaona: mmene amuna awo ankaimira panjira yochokera kudimba, dzanja pachifuwa, akunamizira kuyang'ana mitambo, ndi mmene milomo inkadera akaweramira khasu nthawi yaitali.

Tsiku lina kunali msonkhano wa chipani pasukulu, ndipo mlendo wochokera ku boma analankhula za kudzidalira, kuti dziko lisamadikire za kunja, chilichonse chimene tikudya tizilima tokha. Anthu anawomba m'manja monga mwa nthawi zonse, maganizo ali ku minda yawo. A Sakala okha ndi amene uthengawo unawalowa mpaka m'mafupa. Pobwerera ankayenda ngati mnyamata.

"Amake Eneya, tulutsani chitini."

"Zatsala ziwiri zokha, atate ake Eneya."

"N'chifukwa chake. Chimodzi tidzala."

A Idesi anathira pang'ono m'dzanja, nawaonetsa tinthuto, tophwatalala ngati mamba a nsomba.

"Taonani bwino. Izi anazikonola kale, n'kuzipsinja. Mtima wake anauphwanya. Kodi mphale imamera?"

"Mphale ndi ya chimanga. Izi ndi za azungu, zili ndi nzeru zina."

"Atate ake Eneya, tikutaya chakudya cha miyezi."

"Inu amake Eneya, munapitako ku Ulaya?"

A Idesi sanapiteko, choncho nkhani inathera pomwepo. A Sakala anathira ngolo yathunthu ya manyowa a m'khola, anakoka chingwe kuti mizere iwongoke, nadzala kamodzikamodzi atagwada. Tsiku loyamba nkhuku zinachita phwando. Anamanga mpanda wa minga. Nyerere zinadzera pansi pa mpandawo, n'kumatuluka m'mizere yawoyawo, iliyonse itasenza kambale koyera. Mvula itagwa zotsala zinasanduka phala lozizira, ndipo agalu, abwenzi awo aja, anakumba pansi pa minga kudzanyambita. Koma patapita masabata angapo mundawo unabiriwira. A Sakala anathamanga kukaitana a Petulo, wefuwefu.

"Alamu, bwerani mudzaone Ulaya!"

A Petulo anawerama, anathyola tsamba, analifikisa ndi zala, nanunkhiza.

"Alamu, Mulungu wakuyankhani m'Chichewa. Ili ndi denje."

Denje ndi therere lija la masamba limene limadzimerera lokha, ndipo pa manyowa amenewo linamera ngati lachita kutumidwa. A Sakala anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Atapuma anagamula kuti ameneyu ndiye mdani amene akutsamwitsa otsi pansi pa nthaka. Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse ankalowa m'mpandamo atavala masokosi m'manja kuti asalikhudze, n'kumazula limodzilimodzi, kuponya kunja. Ofunsa za masokosiwo ankawauza kuti ndi mmene amalimira azungu. Anthu opita kumunda ankafuula ali panjira:

"Wamera, a Sakala?"

"Akubwera! Kwawo n'kozizira, sanazolowere."

Chitini chomaliza chinatha nthawi yokumba nsawa. A Idesi anachigwedeza, anachigogoda pansi, naphika kaphala kamadzi kamene a Sakala anamwa. Mawa lake a Sakala sanalowe m'mpanda muja. Masana a Petulo anapha nkhumba, ndipo a Sakala atatha kuidula anatenga mafuta a pamimba, anawakazinga okha, n'kudya ataimirira, agalu akuwayang'ana modabwa.

"Atate ake Eneya, mukuchita chiyani?"

"Pampu yatha ntchito, amake Eneya. Bola ndipite nditakhuta."

Kunja anthu anapezapo nkhani yatsopano yosekera, koma m'nyumbamo munalibe choseketsa. A Sakala anayamba kufunafuna kumene kwaphedwa nyama. Anasiya kuyenda. Ankangokhala pakhonde, mapazi akutupa, kupuma kukumveka mpaka kukhitchini. A Idesi anachita mantha, mantha aja amene amachotsa munthu njala. Anakhala ndi munthuyu kuyambira utsikana wawo, anamutsatira ku migodi, anaika naye ana awiri m'manda a ku Luanshya, ndipo sanafune kutsala okha ndi mabokosi a zitini zopanda kanthu.

Anapita okha ku kiliniki, kwa a Langton, amene ankaona odwala pamenepo. Mapiritsi a mtima panalibe, ndipo a Langton sanabise.

"Amayi, otsi alibe matsenga. Chimene dokotala uja ankafuna ndi kulenda kuja. Nyemba zili nako, koma therere ndiye mwini wake. Sikuti lichiritsa mtima umene wawonongeka kale ayi, koma limathandiza, makamaka akasiyanso mafutawo. Muziwaphikira therere."

"Sadya."

"Chifukwa?"

A Idesi anayang'ana pansi. Anakumbukira lumbiro lija.

"Amati ndi za akazi."

A Langton anaseka.

"Ndiye musawauze, amayi."

A Idesi anachitira zimenezi kudimba, kumene kunalibe maso. Anatenga therere lobala limene anaumitsa, analisinja, nalisefa mpaka linakhala ufa wotuwa. Anasankha gaga wa makoko aakulu, anakonola mapira, anasakaniza zonse, n'kudzaza zitini ziwiri zakale. Iwo sankakhulupirira za sing'anga wa ku Kongo, koma sankazikananso ndi mtima wonse; ndani wa ife amazikana ndi mtima wonse? Madzulo ananena bodza loyamba la ukwati wawo, kuti Eneya, mwana wawo wa ku Lusaka, watumiza otsi kudzera kwa munthu wa pa basi.

A Sakala anakumbatira zitinizo, misozi ili mbwee. M'mawa analawa, natafuna pang'onopang'ono.

"Watuwa bwanji chonchi?"

"Ndi wa masiku ano."

"Zoona. Zonse zatsika, ngakhale sopo sachitanso thovu." Anakweza supuni, phala n'kutsatira. "Koma kulenda ndi komweko. Amake Eneya, mwana uja tinamulera."

A Idesi anathawira kukhitchini, nakhala pamtondo. Tsiku lonselo ankawerenga zala za amuna awo ndi maso. Madzulo zinali zonse. M'mawa mwake zinali zonse.

Nyama yonona a Sakala anaisiyanso, ndipo agalu anabwerera paubwenzi. Anayambanso kuyenda, kusuzumira m'mbale za eni, kupha Lazaro ndi mafuta. Kupuma kunapepukako. Kaya ndi therere, kaya ndi kusiya nkhumba, kaya ndi chimwemwe chabe, ife sitikudziwa. Lamlungu lina anaimirira m'tchalitchi atanyamula tambala wa chiyamiko, nauza mpingo wonse kuti ana a ena amatumiza masiwiti owola mano, koma Eneya amatumizira atate ake moyo. A Idesi anakhala ku mbali ya amayi, mutu uli pansi, akupempha Mulungu kuti Eneya asabwere pa Khirisimasi. Ndi mayi uti amapempha choncho? Eneya sanabweredi. Mvula itagwanso denje linameranso, ndipo a Sakala ankavala masokosi awo n'kukalizula m'mawa uliwonse, m'mimba mutadzaza therere. A Idesi ankawaonera pakhomo la khitchini, osadziwa kuti aseke kapena alire, koma munthu wawo anali moyo ndipo zimenezo zinawakwanira.

Mu Januwale anapita onse awiri ku kiliniki kukayezetsa bipi. A Langton anamanga kansalu kaja pamkono, anapopa, anayang'ana, namwetulira.

"Yatsikako, abambo. Osati kwambiri, koma yatsika. Zokwera mapiri pa njinga ayi, koma chimene mukuchitachi pitirizani."

"Otsi," a Sakala anatero, chifuwa chili patsogolo. "Ndakhala ndikuwauza anthu."

A Langton anaseka, natembenukira kwa a Idesi. Iwo anayesa kuwaletsa ndi maso, koma munthuyo anali akupinda kansalu kake, osayang'ana nkhope ya aliyense.

"Mwaona, amayi? Ndinakuuzani kuti therere ligwira ntchito. Tsopano angathe kudziwa, poti phindu lake alionera okha."

A Langton analibe mlandu. Za mphini sankazidziwa, ndipo mpaka anasamutsidwa ku Pembamoyo sanazidziwe.

A Sakala sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anayenda patsogolo njira yonse, manja atawatalikitsa ndi thupi ngati anyamula mphika wotentha. Atafika kunyumba anakhala pampando, naika manjawo pamawondo, n'kumawayang'ana.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira nthawi ya nsawa."

"Eneya?"

"Sanatumize kanthu."

"Ndipo ine ndinapereka tambala." Anatembenuza manja aja. "Mwandipha, amake Eneya."

"Ndakuphani? Miyezi yonseyi mwadya, chala chagwa chiti? Werengani! Munkadzipha nokha ndi mafuta a nkhumba ine ndikuona. Ndikanatani? Ndinafuna mukhale moyo, atate ake Eneya."

"Mankhwala sathamanga," a Sakala anayankha motsitsa. "Amadikira munthu adziwe."

Kuyambira pamenepo anakana chilichonse chochokera m'manja mwa akazi awo, ngakhale madzi. Ankadziwotchera kachinangwa, n'kukalephera kukamaliza. Munthu amene anadula ng'ombe zosawerengeka anayamba kuzungulira patali akaona khasu lili gone pabwalo. Kenaka anamva kwa woyendetsa lole wina kuti m'sitolo ina ku Chipata anaonamo zitini za otsi pa shelefu ya pamwamba. Kaya anaonadi, kaya ankangowaseka, palibe akudziwa. A Sakala anagamula kuti otsi weniweni ndi amene angakokolole therere lonse m'thupi mwawo mabala asanafike.

M'mawa mwake anatulutsa njinga. Anatenga mpeni kuti adule mphira yomangira chitini chopanda kanthu pa kaliyala. Njala ndi mantha zinali zitawafooketsa, mphira inali yonyowa, mpeni unaterereka. Kanali kabala kakang'ono pachala chachikulu, koti mwana sangalire nako. A Sakala anayang'ana kadontho ka magaziko nthawi yaitali.

"Loyamba lafika," anatero.

A Idesi anagwira mahandulo a njinga. Anagwada pamatope, mayi wamkulu, anthu opita kumunda akuona.

"Dikirani lole ya Lachisanu. A Langton anati mapiri ayi."

"Lachisanu ndidzakhala nyama ya pathabwa. Siyani njinga."

"Ndiye ndikauza abusa za mphinizo, akupempherereni, zithe!"

Apa a Sakala anawayang'ana m'maso, koyamba chichokereni ku kiliniki. Sanali maso aukali. Anali maso a munthu amene akupempha.

"Munalumbira, amake Eneya."

A Idesi anasiya mahandulo. Bodza la zitini sanadandaule nalo n'komwe. Chimene chinawadya masiku awo onse ndi chimenechi, kuti anasiya mahandulo.

A Petulo anali akumanga ng'ombe pagoli pamene njinga inadutsa.

"Alamu, kuti m'mawa muno?"

"Kukatenga moyo!"

A Petulo anaseka mpaka kukhosomola. Agalu anaperekeza njingayo mpaka kumtsinje, n'kubwerera.

Ku Chipata a Sakala sanafike, ngakhale theka la njira. Anthu a ngolo anawapeza dzuwa lili paliwombo, pa chitunda china, atakhala pansi, atatsamira njinga, dzanja limodzi pachifuwa, chala chija atachikulunga ndi mpango mosamala kwambiri. Anawabweretsa pa ngolo yomweyo, njinga ili pambali pawo, chitini chikugunda pa kaliyala njira yonse. A Idesi anamva kulira kwa chitinicho ngolo isanaoneke, ndipo anadziwa. Osambitsa mtembo anaziona mphini zija, anayang'anizana, nawaveka jekete lakuda osanena kanthu. Pathupi ponse bala linali limodzi lokha lija.

Pamaliro panali nyama, monga mwa nthawi zonse. Amuna anakhala pansi pa mtengo ndi mbale zawo, ndipo panalibe wosuzumira. A Petulo anatola nthuli yonona ndi zala ziwiri, anaikweza, nafunsa ndi mawu a malemuwo:

"Iyi ikupita kuti?"

Anthu anaphulika kuseka, adzukulu okumba manda mpaka kugwetsa makasu. A Petulo anaseka nawo, kenaka kusekako kunatha. Anaiyang'ana nthuliyo, naiponyera agalu. Wina anaponyanso yake, winanso. Tsiku limenelo agalu a ku Pembamoyo anakhuta komaliza.

Chichokereni a Sakala, maulaliki afupika ndipo Lazaro amafa ndi matenda osadziwika. Nkhumba zimadulidwa ndi nkhwangwa, nyama yodzaza tizidutswa ta mafupa. Abusa anayambanso kudzera njira yachidule. Munthu amadya mafuta ake pamaliro mbale ili poyera, ndipo ambiri amanena kuti sakomanso ngati nthawi ija ankawadya mobisa.

Maliro atatha mvula inali isanasiye, ndipo denje m'mpanda muja, posowa wolizula, linafika m'mawondo, lobiriwira kuposa la paliponse. M'mawa wina akazi a m'mudzi anabwera ndi malichero kudzapempha kuti athyoleko. Anapeza a Idesi ali kale m'katimo, atawerama, masokosi a malemu ali m'manja, akuzula limodzilimodzi n'kuponya kuseri kwa minga.

"Amake Eneya, mukutaya ndiwo?" anafunsa akazi a a Petulo. "Mukupalira chiyani poti mulibe kanthu m'menemo? Si inu nomwe munkati sangamere?"

A Idesi sanaweramuke.

"Sangameredi," anatero. "Koma sankalifuna muno. M'mbale ndinawanamiza. Muno ayi."

Akaziwo anabwerera ndi malichero opanda kanthu. A Idesi anapalira mundawo mvula iliyonse mpaka chaka chimene nawonso tinakawaika, ndipo anthu opita kumunda, amene kale ankafuula kuti wamera, ankangodutsa ali chete.